Kugula Manachesi Sikugula Mtengo

Pali chiganizo china chimene chimapezeka m'zikalata za mgwirizano zimene ojambula zithunzi za m'mabuku amasainitsidwa. Chimalembedwa m'Chingerezi chouma cha maloya, ndipo kawirikawiri chimabisala chakumapeto, pafupi ndi mzere wosainapo. Tikachitembenuza m'chinenero chathu chimati: wojambula wapereka umwini wonse wa zithunzi zake kwa wosindikiza, pa dziko lonse lapansi, kwa nthawi yonse imene lamulo liloleza, kuti azigwiritse ntchito m'njira ina iliyonse imene ilipo lero ndi imene idzatulukiridwe m'tsogolo. Malipiro ake ndi akamodzi kokha. Inetu ndikuti chiganizo chimenechi ndi umbava wovala tayi, ndipo ife a pa sukulu ino, amene timadzitama kuti ndife okonda zolembalemba, tili nawo mlandu pokhala duu.

Kwathu ndi ku Mwanza, ndipo munthu wa ku Mwanza safunika loya kuti amvetse nkhaniyi. Nyengo yachisanu ikafika, mavenda ochokera ku Blantyre amadzaza m'midzi kudzasaka manachesi. Ambiri sadikira kuti mlimi athyole yekha. Amazungulira mtengo, naupenda ndi maso, natchula mtengo wa zipatso zonse zili pamenepo. Mlimi amadyeredwa masuku pamutu ndithu, pakuti venda amadziwa kuti m'nyumbamo mulibe sopo ndipo mwana wabwezedwa kusukulu. Komabe venda akatha kuthyola amakweza madengu ake n'kumapita, mtengo n'kutsala uli wa mwini munda. Chaka chamawa akaufunanso ayenera kudzagogoda, n'kukambirana mtengo watsopano. Pitani ku Kunenekude kapena ku Thambani mukauze mlimi kuti ndalama ya manachesi a chaka chino yagula mtengo wonse, mizu yake, mbande zake, ndi zipatso zimene adzukulu ake akadadzathyola. Mudzachokako mukuthamanga. Koma zimenezi n'zimene wojambula amavomera akaika dzina lake pansi pa chiganizo chija.

Tiyeni tione zimene akutaya. Dziko lino lidakhazikitsa lamulo la umwini wa ntchito zaluso mu 1989, ndipo lamulo limenelo ndilo lidabala bungwe la COSOMA, limene lidayamba ntchito zake mu 1992. Mu 1991 Malawi adalowa m'pangano la mayiko la Berne. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idapanga lamulo latsopano m'malo mwa lakale lija. Malinga ndi malamulowa, chithunzi chojambula pamanja ndi chuma monga momwe ilili nyimbo kapena ndakatulo. Mwini wake ndiye ali ndi mphamvu yololeza kapena kuletsa kuti chisindikizidwe, chichulukitsidwe kapena chisinthidwe. Mphamvuyi imakhala moyo wake wonse, ndiponso zaka 50 iye atamwalira. Tsono werengani nokha. Mnyamata wa zaka 30 akasaina lero, nadzakhala ndi moyo mpaka zaka 70, wapereka chuma cha zaka 90. Wagulitsa cholowa cha ana amene sadabadwe, pa mtengo umene adzaudya n'kuutha mwezi usadathe.

Pangano la Berne limanenanso china chimene ambiri sachidziwa. Ngakhale munthu atagulitsa ufulu wopezera ndalama pa ntchito yake, amatsalabe ndi ufulu wotchulidwa kuti ndiye adaipanga, ndiponso wokana kuti ipotozedwe mochititsa manyazi dzina lake. Choncho wosindikiza amene amafafaniza dzina la wojambula pakona ya chithunzi sangabisale kumbuyo kwa lisiti. Koma lamulo limakhala m'buku ku Lilongwe, pamene chikalata chili patebulo pamaso pa munthu wanjala.

Msuweni wanga ndi mmodzi mwa anthu amenewa. Sadapite patali ndi sukulu, koma dzanja lake lidadalitsidwa. Ndiye amalemba zikwangwani za magolosale pa boma la Mwanza, kujambula mitu ya anthu pa makoma a nyumba zometera, ndi kukongoletsa matope a malole odikira kuoloka chipata cha ku Zobwe. M'nyengo ya kolera ya 2022 ndi 2023, anthu ena osindikiza mabuku, amene sindiwatchula pano, adampatsa ntchito yojambula zithunzi za kabuku kophunzitsa ukhondo. Adagwira masabata atatu, usiku akuunikira tochi ya foni. Adamubwezera zithunzi zina kawiri konse, ati chitsime sichikuoneka bwino, ati mayiyo wanenepa kwambiri. Pomaliza adamupatsa ndalama yokwana matumba awiri a chimanga ndi pepala losaina. Patapita miyezi, zithunzi zomwezo adaziona pa zikwangwani zazikulu m'mbali mwa msewu, kenaka pa malaya, kenaka pa mapepala olembedwa m'Chipwitikizi tsidya linalo la malire. Zithunzi zake zidaoloka chipata popanda chiphaso, mwini wake ali pomwepo akusakaniza penti m'chitini. Dzina lake padalibe paliponse. Atafunsa adamuonetsa siginecha yake yomwe, ndipo ngakhale mapepala amene adajambulapo sadamubwezere.

Malipiro akamodzi ali ndi chilema chinanso m'dziko ngati lathu. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 alionse, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi magawo 44. Wosindikiza kwacha ikagwa amakweza mtengo wa buku. Wolemba amene amalandira gawo pa buku lililonse logulitsidwa amakwera nawo limodzi, ngakhale pang'ono. Wojambula yekha ndiye amatsala ndi ndalama yake ya dzana, imene idasungunuka kalekale ngati mchere m'madzi.

Ndikudziwa zimene osindikiza amayankha, ndipo sindikufuna kuwanamizira kuti onse ndi afiti. Amati msika wa mabuku kuno ndi wochepa, mapepala ndi inki zimachokera kunja pamene ndalama zakunja n'zosowa, anthu amakonda fotokope kusiyana n'kugula, ndipo buku likakanika kuyenda amaluza ndi iwo, wojambula atadya kale zake. Zonsezi n'zoona. Koma mfundoyi ikawunikidwa bwino imawatembenukira eni ake. Ngati bukulo siliyenda, umwini wa zaka 90 akuufuniranji? Munthu salimbirana mtengo umene akudziwa kuti sudzabala. Chimene akufuna n'chakuti likagwa agwe limodzi ndi wojambula amene adamulipira zochepa poopa kugwako, koma likayenda adye okha. Ndipo mabuku ena amayenda zedi. Pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere mu 1994, ana a sukulu adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Buku limene laloledwa kulowa m'kalasi limasindikizidwa mobwerezabwereza, ndipo m'makalasi oyambirira chimene mwana amayamba kuwerenga ndi chithunzi, zilembo zimadza pambuyo. Aphunzitsi athu pano adakula ndi Timve ndi Tsala. Nkhope za ana awiriwa akuzikumbukira mpaka lero ngati za abale awo. Afunseni pa tiyi mawa kuti adazijambula ndani, muone m'mene atakandire m'mutu.

Yankho lachiwiri ndi lija lakuti palibe adamugwira dzanja, adasaina yekha. Anzathu a ku Law amalikonda yankho limeneli, poti adaphunzira kuti pangano ndi pangano. Koma pangano lenileni limafuna anthu awiri amene aliyense angathe kunena kuti ayi. Apa mbali imodzi ili ndi loya amene adalemba chikalatacho, ili ndi ojambula ena khumi odikira pakhomo, ndipo ili ndi nthawi. Mbali inayo ili ndi lendi. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mwambi umenewu ndiwo wosindikiza amadalira, pakuti amadziwa kuti wosauka sangakane ndalama ya lero chifukwa cha ndalama ya zaka khumi zikudzazo. Nanga chikalatacho chikadalembedwa m'Chichewa, n'kuwerengedwa mokweza monga amachitira pogulitsa munda pamaso pa nyakwawa, ndi angati akadasaina?

Yankho lachitatu ndilo limandinyansa koposa: ati tikukuthandiza kuti udziwike. Adziwike bwanji munthu amene mwachotsa dzina lake?

Wina asaganize kuti matendawa ndi a kuno kokha, kapena kuti amagwira mbuli zokha. Mu 1938 anyamata awiri a ku Cleveland ku America, Jerry Siegel wolemba ndi Joe Shuster wojambula, adagulitsa nkhani yawo ya Superman ku kampani ya Detective Comics pa madola 130, pamodzi ndi umwini wake wonse. Kampaniyo idapha makwacha osaneneka. Iwo atapita ku khoti mu 1947 adachotsedwa ntchito, ndipo maina awo adafafanizidwa pa mabukuwo. Shuster adakalamba ali wosauka, maso akuchita khungu. Mu 1975, pamene kanema wamkulu wa Superman amakonzedwa, ojambula anzawo monga Neal Adams ndi Jerry Robinson adachita phokoso m'manyuzipepala mpaka eni kampani adachita manyazi, navomera kupatsa aliyense wa awiriwo madola 20,000 pa chaka ndi kubwezeretsa maina awo. Onani bwino apa: chidawaombola si khoti, pakuti chikalata chija chidali cholimba. Adawaombola ndi anzawo a luso limodzi amene adakana kukhala chete.

Pafupi ndi kwathu kuno pali nkhani ya Solomon Linda wa ku South Africa. Iye sadali wojambula koma woimba, koma msampha wake ndi womwewu. Mu 1939 adajambulitsa nyimbo ya Mbube ku kampani ya Gallo mu Johannesburg, nalandira tindalama tochepa. Nyimboyo idaoloka nyanja, idasinthidwa dzina, idamveka pa dziko lonse mpaka kulowa m'kanema wa Disney wa The Lion King. Linda adamwalira mu 1962 ali mmphawi. Ana ake adadzapeza kanthu mu 2006, mlandu umene udayamba mu 2004 utathera pa kugwirizana kunja kwa khoti. Chidawathandiza ndi ndime ina ya lamulo lakale la Angerezi la 1911, imene inkati umwini wogulitsidwa ubwerere kwa olowa m'malo a mwini ntchito pakatha zaka 25 iye atamwalira. Taganizani, ngakhale atsamunda, amene sadali odziwika ndi chifundo, adaona kuti munthu waluso amagulitsa ntchito yake asadadziwe mtengo wake, ndipo kuti lamulo liyenera kumutchinjiriza ku siginecha yake yomwe.

Nzeru imeneyi sidafe. Ku America lamulo la 1976 limalola mwini ntchito kuthetsa pangano logulitsa umwini pakatha zaka 35. Ku Germany kuyambira 2002 waluso angathe kufuna malipiro oonjezera ngati ntchito yake yapindulitsa wosindikiza mopitirira muyeso poyerekeza ndi zimene iye adalandira. Mu 2019 mayiko a European Union adagwirizana kuti waluso aziuzidwa, kamodzi pa chaka, m'mene ntchito yake yagwiritsidwira ntchito ndi ndalama zimene yabweretsa, ndiponso kuti angathe kulanda umwini wake ngati wosindikiza wangoukhalira osaugwiritsa ntchito. M'mayiko ambiri, pa buku la ana lodalira zithunzi, gawo la phindu limagawidwa pakati pa wolemba ndi wojambula, kawirikawiri mofanana. Makampani a kumeneko sadagwe chifukwa cha zimenezi. Tsono amene akatiuze kuti zoterezi n'zosatheka atiuze kaye chifukwa chake chilungamo chimayenera Mjeremani koma osayenera mnyamata wa kwa Nthache.

Masiku ano msamphawu waonjezera mano awiri. Loyamba ndi la mabuku olipiridwa ndi mabungwe othandiza. Ambiri mwa iwo amafuna kuti bukulo lituluke ndi chilolezo chotseguka cha Creative Commons, kuti wina aliyense alisindikize, alimasulire ndi kuligawa popanda kupempha. Cholinga chake n'chabwino ndithu, ndipo ine sindingatsutse kuti mwana wa ku Neno apeze buku laulere. Koma mphatso imaperekedwa ndi mwini wake, akudziwa chimene akupereka. Ngati chithunzi chiti chigwiritsidwe ntchito ndi dziko lonse mpaka kalekale, mtengo wake ukhale wa dziko lonse, osati wa kabuku kamodzi. Mlangizi wochokera kunja amene adabwera kudzayang'anira ntchitoyo sagona ndi njala chifukwa chokonda ana a ku Malawi. Bwanji kudzipereka kuyambire pa wojambula? Ndipotu ziphaso za Creative Commons zimene mabungwewa amakonda zimalamula kuti mwini ntchito atchulidwe dzina. Ndime imeneyi ndiyo imaiwalika msanga.

Dzino lachiwiri lili m'mawu aja akuti njira imene idzatulukiridwe m'tsogolo. Kale mawuwa ankaoneka ngati mwambo chabe wa maloya. Lero kuli makina a kompyuta amene amadyetsedwa zithunzi zankhaninkhani kuti aphunzire kujambula motsanzira dzanja la munthu. Mu January 2023 ojambula atatu a ku America, Sarah Andersen, Kelly McKernan ndi Karla Ortiz, adasumira makampani opanga makina otere ponena kuti ntchito zawo zidatengedwa popanda chilolezo. Iwo adatha kupita ku khoti chifukwa umwini udali m'manja mwawo. Wojambula amene adasaina chiganizo chathu chija alibe poyambira. Wosindikiza angathe kupereka zithunzi zake ku makinawo, kenaka n'kumuuza kuti ntchito yatha, makina akujambula motchipa. Ndiko kusula nkhwangwa yodzadulira mtengo wako womwe, n'kulipiranso makala.

Tsopano ndibwere kwa ife. N'chapafupi kuloza chala ku Blantyre, koma olemba mabuku a sukulu ambiri ndi aphunzitsi a m'makoleji, ena a iwo akuwerenga tsamba lino. Mukamakambirana za gawo lanu ndi wosindikiza, kodi mudafunsapo kuti amene wajambula mapu, mafupa a chule ndi nkhope za ana m'buku lanulo walandira chiyani? Mudaonapo chikalata chake? Dzina lanu lili pachikuto m'zilembo zikuluzikulu, ndi madigiri onse kumbuyo kwake. Lake, likapezeka, lili mkati m'tizilembo tofuna mandala, pansi pa dzina la kampani yosindikiza. Nafenso ophunzira sitili oyera. Tikafuna chikuto cha magazini, chikwangwani cha sewero kapena chithunzi cha pa malaya a bungwe lathu, timathamangira kwa anzathu a ku Fine Art ndi mawu akuti tangotijambulirako, amwene, ngati kuti iwo luso lawo adalitola panjira. Wandakatulo mnzathu wina akabedwa mzere umodzi timachita msonkhano. Wojambula akabedwa chikuto chonse timati n'zokongoletsa chabe. Dziko limene lili ndi zojambula za pa miyala ya Chongoni, malo 127 amene UNESCO idawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, siliyenera kuphunzitsidwa kuti chithunzi chimalankhula. Timanyadira ojambula amene adafa zaka mazanamazana zapitazo chifukwa iwo satumiza invoisi.

Kusowa kwa dzina kuli ndi mtengo wake weniweni. COSOMA imatolera ndalama kwa ochulukitsa mabuku pa fotokope ndiponso pa zipangizo zosungira nyimbo ndi zolemba, n'kumagawira eni ntchito. Oimba adaphunzira kulembetsa nyimbo zawo ndi kuchita phokoso ndalama zikachedwa. Koma wojambula amene dzina lake silili m'buku, amene alibe kope la chikalata chimene adasaina, ndipo mapepala ake oyamba adatsala m'kabati ya wosindikiza, adzaima pati tsiku logawa? Adzatsimikiza ndi chiyani kuti dzanja lidali lake?

Zimene ndikufuna si zachilendo, ndipo sizidikira Nyumba ya Malamulo. Wojambula azibwereketsa chithunzi, osati kuchigulitsa: chilolezo chinene buku lake, chinenero chake, mayiko ake ndi zaka zake, ndipo zakazo zikatha akambiranenso. Buku likasindikizidwanso, likamasuliridwa, kapena chithunzi chikachoka m'buku kupita pa malaya ndi pa chikwangwani, pakhale malipiro ena. Pa mabuku a ana ndi a makalasi oyambirira wojambula alandire gawo pa buku lililonse monga wolemba. Buku likasowa pa msika kwa zaka ziwiri kapena zitatu umwini ubwerere kwa mwini wake. Mapepala oyamba abwezedwe, dzina lilembedwe poonekera, ndipo za kudyetsa makina zikhale ndi ndime yakeyake imene munthu angathe kuikana. Wosindikiza amene akufunadi umwini wonse, pakuti nthawi zina pamakhala chifukwa, anene poyera ndipo alipire mtengo wa mtengo, osati wa dengu.

Wojambula mmodzi akanena zimenezi yekha adzangouzidwa kuti khomo ndi ilo. Nkhanga zidapangana kusadache. Bungwe la Visual Arts Association of Malawi, la olemba la MAWU ndi la osindikiza la BPAM akhale pansi pamodzi ndi COSOMA, atulutse chikalata chachitsanzo cha tsamba limodzi, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, chokhala ndi mitengo yoyambira imene wojambula sayenera kutsikira. Unduna wa Maphunziro ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi, amene ali ndi mphamvu yovomereza mabuku olowa m'kalasi, angathe kufunsa wosindikiza aliyense kuti aonetse pangano lake ndi wojambula buku lisadavomerezedwe. Mphamvu yogula ndi yawo, ndipo ndalamazo ndi za misonkho ya makolo athu.

Ifeyo tiyambire pathu. Ndikupempha akonzi a magazini ino kuti kuyambira kope likudzali dzina la wojambula chikuto lilembedwe pa tsamba loyamba pamodzi ndi a olemba, ndiponso kuti chithunzicho chikhalebe chake. Ndikupemphanso kuti pa msonkhano wathu umodzi teremu ino tisiye kaye ndakatulo, tiitane anzathu a ku Fine Art ndi a ku Law, aliyense amene ali ndi chikalata chimene adasainapo kapena chimene akuyembekeza kusaina abwere nacho, tichiwerenge mokweza ndime ndi ndime monga timachitira ndi ndakatulo. Cha msuweni wanga ndili nacho kale, adandijambulira pa foni. Chili ndi masamba anayi, ndipo chiganizo chija chili pa ndime yachisanu ndi chiwiri.